Kodi Roberto Clemente Analakwa Kukwera Ndeke Ija?

Acinyamata anzanga, pali mlandu umene ndifuna kuti tithandizane kuuweruza. Munthu ali ndi mkazi ndi ana atatu aang'ono. Ali ndi nchito yabwino, cuma ali naco, ndipo dzina lake lidziwika m'maiko ambiri. Tsiku lina amva kuti anthu a dziko lina, amene si abale ake, agwa m'tsoka lalikulu. Iye asonkhanitsa zakudya ndi mankhwala natumiza, koma amva kuti katunduyo ali kubedwa asanafike kwa ovutika. Kodi munthu ameneyu acite ciani? Anene kuti mbali yanga ndacita, nakhala panyumba ndi ana ake? Kapena anyamuke kukapereka katunduyo ndi manja ake?

Mlanduwu si nthano ai. Unagwera munthu wochedwa Roberto Clemente, katswiri wa masewera a baseball, kumapeto kwa caka ca 1972. Iye anasankha kupita, ndipo sanabwerenso. Tisanamuweruze, tiyeni timudziwe.

Masewera ake

Baseball ndi masewera amene akondedwa kwambiri ku America, ku Japan ndi ku zisumbu za ku Caribbean. Timu iriyonse ikhala ndi osewera 9 m'bwalo. Wosewera mmodzi aponya kampira kolimba mwaliwiro, ndipo wa timu inayo ayesa kukamenya ndi ndodo yobulungira. Akakamenya, ataya ndodo nathamanga kuzungulira malo anai oimapo. Akafika pa malo oyamba a timu inayo asanawakhe mpira m'mwamba kapena kuufikitsa pamalopo, anena kuti wapeza hit. Akazungulira malo onse ndi kubwerera pamene anayambira, timu yake ipeza cigoli cimodzi.

Kumenya kampira ameneka ndi kovuta kwambiri. Wosewera amene apeza hit katatu pa maulendo khumi alionse awerengedwa kuti ndi katswiri. Ndiye kuti ngakhale odziwa kwambiri alephera kasanu ndi kawiri pa maulendo khumi.

Mwana wa m'minda ya nzimbe

Roberto Clemente anabadwa pa 18 Ogasiti 1934 m'tauni ya Carolina pa cisumbu ca Puerto Rico. Atate ake, a Melchor Clemente, anali kapitao m'minda ya nzimbe, ndipo amai ake anali a Luisa Walker. Banja silinali lolemera. Ali kusukulu Roberto anali kudziwa kuthamanga ndi kuponya nthungo, koma mtima wake unali pa baseball. Mu 1952 anayamba kusewerera timu ya Santurce ya kwao komweko. Mu 1954 timu ya Brooklyn Dodgers inamulemba nimutumiza ku timu yake yaing'ono ya ku Montreal m'dziko la Canada, kumene sanamupatse mpata wokwanira wosewera. Kumapeto kwa caka comweco timu ya Pittsburgh Pirates inamutenga, ndipo anasewerera timu imodzi yomweyi zaka 18, kuyambira 1955 kufikira 1972, atavala malaya a nambala 21.

Zaka zake zoyamba sizinali zodabwitsa. Msana unali kumuvuta cifukwa ca ngozi ya galimoto imene anacita mu 1954, ndipo cinenero ndi khalidwe la dziko lacilendo zinali kumulemera. Koma kuyambira 1960 dzina lake linayamba kumveka. Anakhala womenya wopambana onse mu National League kanai, mu 1961, 1964, 1965 ndi 1967. Mu 1966 anasankhidwa kukhala wosewera wofunika koposa mu ligi imeneyo. Mphoto ya Gold Glove, imene ipatsidwa kwa odziwa kuwakha ndi kuponya mpira, anailandira zaka 12 zotsatizana, kuyambira 1961 kufikira 1972. Dzanja lake lamanja linali kuopedwa: mpira unali kucoka kumapeto kwa bwalo ndi kupeza wothamanga asanafike kumene apita.

Timu yake inatenga cikho cacikulu ca World Series kawiri. Mu 1960 inagonjetsa New York Yankees, ndipo mu 1971 inagonjetsa Baltimore Orioles. Pa masewera onse 14 a mipikisano iwiriyi, panalibe tsiku limene Clemente anacoka m'bwalo wopanda hit. Mu 1971 anapeza ma hit 12 pa maulendo 29, ndipo anasankhidwa kukhala wosewera wopambana pa mpikisano wonsewo. Pa 30 Sepitembala 1972 anapeza hit yake ya nambala 3,000, nakhala munthu wa 11 kufika pa ciwerengero cimeneci. Kuti afike pamenepo anaima ndi ndodo maulendo 9,454. Mukacotsera mudzapeza kuti maulendo 6,454 anabwerera wopanda kanthu. Inu amene mufuna kuleka sukulu kapena kwaya cifukwa munalephera kamodzi, ciwerengero cimeneci mucisunge.

Dzina lake ndi ulemu wake

Clemente analowa m'ligi yaikulu patangopita zaka 8 kucokera pamene Jackie Robinson anatsegulira anthu akuda njira mu 1947. Tsankho linali likali lamphamvu. Pamene timu inali kukonzekera masewera ku Fort Myers m'cigawo ca Florida, osewera akuda sanali kuloledwa kugona m'hotela imodzi ndi anzao aciyera, ndipo m'malo ambiri odyera sanali kuwalandira. Clemente anali wakuda, analinso wolankhula Cisipanishi, motero anali mlendo kawiri. Olemba nkhani ena anali kulemba mau ake monga anali kuwachulira m'Cingelezi cake cothyoka, kuti owerenga aseke. Akadandaula za msana, ena anali kunena kuti adwala dala. Ena anayesa kumusintha dzina kuti akhale Bob, ndipo dzinali linalembedwa ngakhale pa makadi a zithunzi za osewera. Iye anakana. Anafuna kuchedwa Roberto, dzina limene makolo ake anamupatsa.

Sanali munthu wokhala cete akalakwiridwa. Anali kulankhula, nthawi zina mwaukali, ndipo ena anamuyesa wonyada. Koma taonani cimene anacita pa tsiku la ulemerero wake waukulu mu 1971. Atamuika patsogolo pa makamera a wailesi ya kanema, dziko lonse la America liri kupenya, iye anayamba walankhula m'Cisipanishi kwa makolo ake ku Puerto Rico, kupempha dalitso lao. Munthu amene dziko lonse liri kumuombera m'manja anakumbukira kuti akali mwana wa anthu.

Civomezi ca ku Managua

Mu Novembala 1972 Clemente anapita ku Nicaragua monga wotsogolera timu ya Puerto Rico pa mpikisano wa maiko. Anakhala kumeneko masabata angapo, nadziwana ndi anthu. Pa 23 Disembala civomezi cacikulu cinagwetsa mzinda wa Managua, likulu la dzikolo. Anthu zikwi zambiri anafa, ndipo ena zikwi mazanamazana anasowa pogona. Clemente anatsogolera komiti yosonkhanitsa thandizo ku Puerto Rico, ndipo masiku a Khrisimasi anawathera pa nchito imeneyi. Ndeke zitatu zinanyamuka ndi katundu. Kenaka mbiri inafika yakuti asilikali a Anastasio Somoza, amene anali ndi mphamvu zonse m'dzikolo, anali kupatutsa katunduyo. Clemente anaganiza kuti akapita yekha, akuba adzacita manyazi kulanda zinthu pamaso pake.

Usiku wa pa 31 Disembala 1972, 9 koloko itangopitirira, ndeke ya mtundu wa DC-7 inanyamuka pa bwalo la ndeke la San Juan. Patangopita mphindi zocepa inagwera m'nyanja pafupi ndi gombe. Anthu onse asanu amene analimo anafa. Mtembo wa Clemente sunapezeke. Mnzake wa m'timu, Manny Sanguillén wa ku Panama, sanapite ku mwambo wa cikumbutso, koma anakhala ali kumira m'nyanja kufunafuna mnzake. Clemente anali ndi zaka 38. Anasiya mkazi wake Vera ndi ana aamuna atatu, wamkulu ali ndi zaka 7. Ife a mu Zambia, amene tinalira osewera athu a mpira pamene ndeke yao inagwera m'nyanja ku Gabon mu Epulo 1993, tidziwa kulemera kwa maliro otere.

Amene anena kuti analakwa

Tsopano tibwerere ku mlandu wathu. Ena mwa inu mudzati Clemente analakwa, ndipo mau anu ali ndi nzeru. Udindo woyamba wa tate uli kwa ana ake. Anthu a ku Managua anali ndi dziko lonse lowathandiza, koma ana atatu aja anali ndi tate mmodzi cabe. Palibe mphoto kapena cipilala ca cikumbutso cimene cingalere mwana. Tidziwa anthu amene achuka kunja cifukwa ca cifundo, pamene kunyumba kwao ana agona ndi njala ndipo mkazi alira. Cifundo cotere cikhala ndi kufuna kuonekera mkati mwake.

Mudzanenanso kuti akanakhala ndi moyo akanathandiza anthu oculuka. Anali ndi colinga comanga malo a masewera a ana osauka ku Puerto Rico. Akanakhala zaka zina 30 kapena 40, ndi ana angati akanadutsa m'manja mwake? Ndipo katundu amene anafera sanafike n'komwe ku Managua. Anamira naye pamodzi. Mukayeza ulendowo ndi zotuluka zake, palibe cimene unapindula.

Amene anena kuti anacita bwino

Koma taimani pang'ono. Kodi ncoyenera kuweruza cosankha ca munthu ndi zinthu zimene sanali kuzidziwa pamene anali kusankha? Clemente sanapite kukafa. Anapita kukatula katundu ndi kubwerera. Anali munthu wozolowera kuyenda pa ndeke nchito yake yonse. Ndekeyo ikanatera bwino ku Managua, palibe mmodzi wa ife akanati anataya banja lake. Tikanati anacita cinthu cabwino pa nthawi ya chuthi. Ngati cosankhaco cikanakhala cabwino ndeke itatera, ndiye kuti cinali cabwino pamene anali kukwera.

Ganizaninso cifukwa cake anapita. Ndalama anali atapereka kale, katundu anali atasonkhanitsa kale. Cimene cinali kusowa ndi munthu amene asilikali akanamuopa kapena kumucitira manyazi. Kalaliki wa komiti akanapita, akanamukankhira kumbali. Clemente anali ndi cinthu cimene anzake analibe, ndico dzina lodziwika. Dzinalo analipeza ndi ma hit 3,000 aja. Funso linali lakuti adzaligwiritsa nchito yanji. Anthu a ku Puerto Rico, ambiri a iwo osauka, anapereka mpunga, zovala ndi tindalama tao cifukwa anakhulupirira iye. Kukhala pansi, podziwa kuti zopereka zao ziri kulowa m'matumba a akuba, kukanakhala kuwanyenga. Amene alandira cinthu m'manja mwa anthu kuti akapereke kwina, nchito yake itha pamene cinthuco cafika.

Za ana ake, nzoona kuti anataya tate, ndipo bala limeneli sitingalicepetse. Koma tate alera ana ndi zinthu ziwiri, kukhala nao pafupi ndi khalidwe limene iwo aona mwa iye. Tate amene aphunzitsa ana kuti cifundo cithera pa mpanda wa nyumba yao awamana kanthu kena kofunika. Makolo athu anati mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako. Sanati uyambe wafunsa ngati ndi wa mtundu wako.

Amene tiwaiwala pa mlanduwu

Pali anthu ena amene ayenera kuitanidwa pabwalo. Oyamba ndi aja anali kuba katundu wa anthu ogona panja. Akanapanda kuba, Clemente sakanakhala ndi cifukwa cokwerera ndeke. Iwo sanamuone, sanamukhudze, koma dzanja lao lirimo mu imfa yake. Wakuba aganiza kuti watenga thumba limodzi cabe la mpunga. Sadziwa kumene kuba kwake kudzathera.

Aciwiri ndi amene anakonza ulendowo. Ofufuza anapeza kuti ndekeyo inali ndi mavuto a injini, inali itacitako ngozi pabwalo masabata ocepa m'mbuyomo, inanyamula katundu wopitirira muyeso ndi makilogalamu pafupifupi 1,900, ndiponso inalibe anchito okwanira odziwa kuyendetsa ndeke ya mtundu umenewo. Clemente anali katswiri wa baseball, za ndeke sanali kuzidziwa. Anakhulupirira anthu amene anamuuza kuti zonse ziri bwino.

Apa pali phunziro lowawa. Mtima wabwino suletsa injini kuphulika. Cangu cothandiza cingacititse munthu kuleka kufunsa mafunso amene ayenera kufunsidwa, ndipo akulu anati safunsa anadya phula. Motero yankho langa ndi ili: Clemente sanalakwe kupita. Cimene cinalakwika ndi ndeke imene anamupezera, ndi umbava umene unamukakamiza kuti apite. Tisatamande imfa yake ngati kuti kufa ndiko kunali kwabwino. Kunali kutayika kwa anthu asanu kumene kukanapewedwa. Cimene tiyenera kutamanda ndi mtima umene unamunyamutsa panyumba.

Tsiku limodzi silipanga munthu

Ena aganiza kuti Clemente anakhala munthu wabwino pa usiku umene anafa. Iai. Kwa zaka zambiri anali kuphunzitsa ana baseball kwaulere ku Puerto Rico, ndiponso anali kuyendera ana odwala m'zipatala za mizinda imene timu yake inali kupitako. Anali kuthandiza osewera acicepere ocokera ku maiko olankhula Cisipanishi kuti asavutike monga anavutikira iye. Polankhula pa msonkhano wina mu 1971, anaonetsa maganizo ake akuti munthu amene ali ndi mpata wokonza zinthu kuti ena apeze bwino, koma osaugwiritsa nchito, angotaya nthawi yake pa dziko lapansi. Pamene civomezi cinafika, sanafunike kusanduka munthu wina. Anacita cimene anali atazolowera.

Izi zikhudza inu mwacindunji. Mwina muganiza kuti mudzayamba kuthandiza anthu mukadzalemera kapena mukadzachuka. Koma amene amana mnzake pensulo lero, sadzapatsa munthu nyumba mawa. Cizolowezi cikula pamodzi ndi mwini wake.

Ambiri a inu simudzakwera ndeke yopita ku dziko la civomezi. Koma malo onse atatu a m'nkhaniyi mudzawapeza pa moyo wanu. Gulu lanu likasonkha ndalama za mnzanu wodwala kapena za maliro, wina asunga thumba. Ngati ndinu, kodi ndalamazo zifika zonse? Gulu likakonza ulendo, wina apeza galimoto. Ngati ndinu, kodi mufunsa za mabuleki ndi matayala, ndiponso ngati woyendetsa sanamwe, kapena mungokondwa kuti mtengo watsika? Ndipo pakati panu pali ena amene anzao awamvera cifukwa adziwa mpira, aimba bwino kapena akhoza m'kalasi. Ngati ndinu, kodi mau anu ateteza ndani? Mwana wamasiye akamasekedwa, liu limodzi la munthu wochuka pasukulu litha kuletsa zimene ana khumi osadziwika sangaletse.

Cimene cinatsala

Mu 1973 Clemente anaikidwa mu Hall of Fame, nyumba yolemekezera akatswiri a baseball, popanda kudikira zaka zisanu zimene lamulo lifuna. Anali woyamba wocokera ku Latin America kusankhidwa motero. Mkazi wake Vera anapitiriza nchito yomanga malo a masewera a ana ku Carolina, ndipo anatumikira anthu m'dzina la mwamuna wake kufikira imfa yake mu 2019. Ku Pittsburgh kuli mlatho wochedwa dzina lake, ndipo cipupa ca mbali ya bwalo imene iye anali kuimako cinamangidwa mafiti 21 kutalika kwake, pokumbukira nambala yake.

Ciwerengero cake ca 3,000 cinapitiriridwa ndi osewera ambiri. Pete Rose anafika pa 4,256, kuposa wina aliyense, koma mu 1989 anacotsedwa m'masewerawa cifukwa ca kubecha. Mphoto imene ipatsidwa caka ndi caka kwa wosewera wa khalidwe labwino ndi wothandiza anthu, kuyambira 1973 ichedwa Roberto Clemente Award. Osewera ambiri amene anailandira anabadwa iye atafa kale, ndipo sanamuonepo ali kumenya mpira.

Luso lanu ndi lanu, ndipo mulikulitse ndi mphamvu zanu zonse monga anacitira iye. Koma luso likakula libweretsa dzina, ndipo dzina libweretsa anthu amene adzaika zinthu zao m'manja mwanu. Pa tsiku limenelo mudzafunika mtima wofuna kupita, ndiponso nzeru yofunsa za ndeke musanakwere.

Mafunso okambirana m'gulu lanu

1. Mukanakhala Vera, mkazi wa Clemente, mukanamuuza ciani pa 31 Disembala 1972?

2. Kodi udindo wa munthu kwa banja lake uthera pati, ndipo udindo wake kwa alendo uyambira pati?

3. Pakati pa amene anaba katundu ndi amene anapereka ndeke yowonongeka, ndani ali ndi mlandu waukulu? Cifukwa ninji?

4. Clemente anakana kusinthidwa dzina. Kodi kudzilemekeza kusiyana bwanji ndi kunyada?

5. Kodi gulu lanu liri ndi njira yotsimikizira kuti zopereka zifika kwa amene zinasonkhedwera? Ngati palibe, mungaikonze bwanji mwezi uno?